Nthabwala Zobisa Chilonda: Tiyeze Sewero la Deadpool



M'makampani akuluakulu a mafilimu ku Los Angeles muli anthu amene ntchito yawo ndi kuwerenga basi. Amawaunjikira masewero olembedwa, lililonse la masamba zana ndi kanthu, poti tsamba limodzi amaliwerengera ngati mphindi imodzi ya filimu. Akamaliza, amalembera mabwana lipoti lalifupi lonena kuti seweroli ligulidwe, liganiziridwe kaye, kapena libwerere kwa mwini wake. Wowerengayo amayankha mafunso awiri. Kodi nkhaniyi ili ndi moyo? Nanga tikathirapo ndalama, zibwerera? Madzulo ano tiyeni tigwireko ntchito ya munthu ameneyu, tiyeze sewero la ngwazi yamphamvu zodabwitsa koma yanthabwala, lomwe linabala filimu ya Deadpool mu February 2016. Makolo ndikuchenjezeretuni: filimu imeneyi ndi ya akuluakulu. Muli kutukwana, muli magazi, muli za kuchipinda. Si yoti n'kukhazika ana pamphasa n'kuwaikira.

Seweroli analemba ndi anthu awiri, Rhett Reese ndi Paul Wernick, omwe anali atangotchuka ndi filimu ya Zombieland ya 2009. Kampani ya 20th Century Fox inawapatsa ntchitoyi kumayambiriro kwa 2010. Deadpool sanamuyambitse ndi iwo. Anabadwira m'mabuku a nkhani zazithunzi a Marvel mu 1991, m'manja mwa Rob Liefeld ndi Fabian Nicieza. Dzina lake m'nkhanimo ndi Wade Wilson, msilikali waganyu wapakamwa posatseka, amene amadziwa kuti ali m'nthano, moti amatha kutembenuka n'kuyamba kucheza ndi wowerenga. Sewero linalembedwa, mpaka linatayikira pa intaneti chaka chomwecho, ndipo amene analiwerenga analiyamikira. Koma linagona m'kabati zaka zinayi.

Mabwana a Fox tisafulumire kuwaseka. Anali ndi zifukwa zawo. Ryan Reynolds, amene ankalimbikira kuti akhale Deadpool, anali atamusewerako kale mu 2009 m'filimu ya X-Men Origins: Wolverine, m'mene opanga anachita chinthu chosamveka: munthu amene amakondedwa chifukwa cholongolola anamusoka pakamwa. Okonda mabuku aja anakwiya. Kenako mu 2011 Reynolds yemweyo anatsogolera Green Lantern, filimu ya kampani ina, imene inadya madola pafupifupi 200 miliyoni n'kulowetsa ndalama zongopitirirako pang'ono pamenepo. Kumbukirani kuti pa ndalama za matikiti, pafupifupi theka limatsala kwa eni malo oonetsera mafilimu, komanso kutsatsa kumadya zake. Kunali kuluza koopsa. Tsono pa tebulo pabwere sewero lina la ngwazi, wosewera yemweyo, ndipo malinga ndi malamulo a malo oonetsera mafilimu ku America mwana wosakwana zaka 17 sangalowe yekha kukaonera. Inu mukanasaina?

Tiyeni titsegule masambawo. Nkhani yake mukaiyala m'ndondomeko ya mmene zinachitikira, ndi yaifupi ndipo mwaimvapo kambirimbiri. Mwamuna wakonda mkazi. Wapezeka ndi khansa. Anthu ena amulonjeza mankhwala, koma akumuzunza mpaka thupi lake lapeza mphamvu yodzichiza lokha, nkhope n'kuwonongeka. Akusaka amene anamuchita chipongweyo. Mdaniyo waba mkazi uja. Nkhondo yomaliza, basi yatha. Olembawo akanaiyala chonchi, bwenzi woonera akudikira ola lathunthu asanaone chigoba chofiira chimene walipirira.

Luso lawo loyamba lili pa kadulidwe. Sewero likuyambira pakati. Deadpool wavala kale zofiira, ali kumbuyo kwa takisi, wasungulumwa, akudziponya kumpando wakutsogolo kuti acheze ndi dalaivala, mnyamata wofatsa dzina lake Dopinder, amene akudandaula za mtsikana yemwe msuweni wake wamulanda. Akufika pamsewu waukulu wodutsa m'mwamba, ndipo apa n'pamene azindikira kuti chikwama cha zida wachiiwala kunyumba. Watsala ndi zipolopolo 12. Akuwauza adaniwo, akutiuzanso ife, kenako akuyamba kuwerenga chobwerera m'mbuyo, chipolopolo chilichonse ndi nambala yake. Zina akuphonya, zina akuwononga chifukwa cha mkwiyo, chomaliza chikugwetsa anthu atatu. Taonani zimene zachitika m'masamba ochepawa. Tadziwa kuti munthuyu ndi wosalongosoka, ndi katswiri, ndi wosachedwa kupsa mtima, ndipo nthabwala yasanduka wotchi: tikuseka koma tikuwerenganso naye, mtima uli m'mwamba. Nkhondo ya pamsewu imeneyi olembawo anaidula zidutswa, n'kumalowetsa pakatipakati mbiri ya chikondi ndi matenda. Malo amodzi, tsiku limodzi, zasenza pafupifupi theka la filimu ya mphindi 108. Woonera sakutopa, ndipo wosunga thumba la kampani akupuma bwino.

Koma chimene ine ndimachilemekeza kwambiri m'seweroli chili kumene kulibe mfuti. Pali muyeso umene ndimaukhulupirira poyeza sewero lililonse lanthabwala: fufutani nthabwala zonse, muone ngati patsala munthu. Apa patsala munthu. Wade akumana ndi Vanessa m'bala la anthu aganyu, ndipo kufunsirana kwawo ndi mpikisano wa amene anakula movutika kwambiri. Onse awiri ndi anthu ovulala amene anaphunzira kuseka asanalire. Chaka chikudutsa, Wade akufunsira ukwati ndi mphete ya switi, Vanessa akulola, ndipo usiku womwewo mwamuna akugwa pansi. Tsamba lotsatira ali kwa dokotala. Khansa yafalikira m'chiwindi, m'mapapo, mpaka mu ubongo. Vanessa akufunsa mafunso, akufuna njira, akukonza zolimbana nayo. Wade sakumvetsera. Akungomuyang'ana mkaziyo kumaso, kuloweza nkhope yake. Munthu amene sanatsekepo pakamwa chiyambire filimu, apa mawu amuthera. Olembawo anamupatsa mphindi imeneyi osaiipitsa, ndipo aliyense amene anakhalapo pabenchi ya chipatala kudikirira zotsatira za m'bale wake, akuidziwa mphindi imeneyi.

Kenako akuchoka usiku, Vanessa ali mtulo, poti sakufuna kuti mkaziyo amuone akutha. Ndi chikondi, komanso ndi mantha, komanso ndi kudzikonda, zonse pamodzi, ndipo sewero silikutisankhira. Kumalo ozunzirako anthu kuja, kumene akumumiza m'madzi oundana, kumumenya, mpaka kumutsekera m'chibokosi chochepetsa mpweya kwa masiku, chida chokha chimene watsala nacho ndi pakamwa. Womuzunzayo amadzitcha Ajax, dzina loopsa. Wade akuona kapepala ka ochapa zovala pa chovala chake, n'kutulukira kuti dzina lenileni ndi Francis, ndipo kuyambira pamenepo akumuitana choncho pamaso pa anthu. Womangidwa manja ndi miyendo wapeza pomulasira mdani. Apa nthabwala yasiya kukhala chokometsera. Yakhala njira imene munthuyu amapulumukira.

Ku vidiyo sho anthu amati ekita safa. Kwa Deadpool zimenezi ndi zenizeni: mukamudula dzanja limamera lina, mukamuwombera bala limatsekeka. Kwa wolemba limeneli ndi vuto lalikulu, chifukwa munthu wosafa timuderanji nkhawa? Reese ndi Wernick anachotsa ngozi pathupi n'kuiika pa manyazi. Pali kachigawo kakafupi kamene Wade, atapulumuka, akutsatira Vanessa mumsewu atavala chipewa chobisa mutu. Watsala pang'ono kumuitana. Odutsa akumuyang'ana nkhope yamabalayo, akunong'onezana, ena akutembenukira kumbali. Akuima, akubwerera. Kusaka konse kwa Francis kukuchokera apa, poti mdaniyo anamuuza kuti angathe kumukonza nkhope. Funso la filimu si loti afa kapena safa. Ndi loti adzalimba mtima liti kuvula chigoba pamaso pa mkazi amene amamukonda. Ndipo pamapeto Francis akuulula kuti mankhwala kulibe, linali bodza. Ngwazi sikupeza chimene imafuna. Ikuyenera kukaonekera mmene ilili.

Mphamvu ina ndi anthu amene anamuikira pambali. Aliyense amene anakula akumvera Izeki ndi Jakobo amadziwa kuti nthabwala imafuna anthu awiri, wina woponya, wina wowakha. Deadpool anamupatsa Colossus, chimphona chachitsulo chaulemu, chosatukwana, chokhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu aliyense angasinthe. Anamupatsanso mtsikana wamwano wosachedwa kunyong'onyeka, amene nthabwala zakezo sizimusuntha n'komwe, ndi gogo wakhungu, Blind Al, wokhala naye nyumba imodzi, amene nkhope yowonongekayo sangaione ndipo alibe nayo ntchito. Pachimake pa filimu Colossus akulalika mokoma za mmene munthu amakhalira ngwazi posankha chifundo pa mphindi zochepa za moyo wake. M'filimu ina iliyonse ya mtunduwu ulaliki umenewu ukanagwira ntchito. Deadpool akuwombera mdaniyo ulaliki usanathe. Mungadane nacho chisankhocho, koma n'chogwirizana ndi munthu amene takhala naye kuyambira m'takisi muja.

Tsopano zofooka, poti zilipo ndipo si zazing'ono. Francis ndi mdani wopanda kanthu m'kati. Tikuuzidwa kuti samva ululu, ndipo amagulitsa anthu amphamvu ngati akapolo. Kupitirira apo sitikudziwa chimene amafuna, chimene amaopa, kapena amene amamukonda. Ed Skrein anasewera zimene anapatsidwa, koma anapatsidwa zochepa. Chachiwiri, sewero limene lakhala likuseka miyambo ya mafilimu a ngwazi, pomaliza likugwada pamaso pa mwambo wakale kuposa yonse: mkazi wabedwa, mwamuna akukamupulumutsa. Vanessa amene Morena Baccarin anamuyamba ngati mnzake wa Wade wofanana naye nzeru ndi lilime, akutsekeredwa m'chibokosi kudikira. Zoona, akutulukamo n'kubaya mdani ndi lupanga, koma ndi mphindi imodzi. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa mkazi ameneyu ndiye msana wa nkhani yonse. Palinso nthabwala zimene kwa ine n'zongotaya nthawi: mndandanda wautali wa mnzake wa m'bala wonyoza nkhope ya Wade, ndi nkhani ya Dopinder kuba msuweni wake n'kumutsekera kumbuyo kwa galimoto, imene filimu ikufuna kuti tiiseke basi n'kuiwala.

Chofooka china chimaonekera bwino kwa ife amene tili kutali ndi America. Nthabwala zambiri zatsamira pa mayina a oimba, osewera ndi malonda a kumeneko. Ganizirani mnyamata womasulira mafilimu m'Chichewa atakhala ndi maikolofoni. Kuwerenga zipolopolo kuja akumasulira mosavuta, holo yonse n'kufa nazo. Dzina la Francis limveka. Chikwama choiwalika chimveka. Koma akafika pa dzina la munthu wa pa TV ya ku America wa zaka za m'ma 1980, ayenera kupeka zake kapena kungodutsa. Nthabwala yochokera pa khalidwe la munthu imawoloka nyanja. Yochokera pa dzina la wotchuka imakalamba msanga, ngakhale kwawo komweko. Mwayi wa seweroli ndi woti za mtundu woyambawo n'zokwanira kulinyamula.

Lipoti langa likanati ligulidwe, koma mtengo ukhale wotsika, ndipo gawo lomaliza alembenso. Za mtengozo n'zimene zinachitikadi. Mu July 2014 kafilimu koyeserera ka mphindi zosakwana ziwiri, kamene wotsogolera Tim Miller anapanga kale pa kompyuta kuti akope mabwana, kanatayikira pa intaneti. Anthu anakalandira ndi manja awiri, ndipo pofika September chaka chomwecho Fox inavomera. Koma inatsina thumba. Kutatsala pang'ono kuti chilolezo chituluke, olembawo anauzidwa kuti achotse zinthu za madola pafupifupi 7 miliyoni. Anachotsa mpikisano wa njinga zamoto. Nkhondo yaikulu ya mfuti ya kumapeto inafunikanso kuchoka, ndipo njira imene anaipeza ndi yoti Deadpool aiwalenso chikwama cha zida, ulendo uno m'takisi ya Dopinder. Kusowa ndalama kunabala nthabwala, ndipo nthabwalayo inagwirizana ndi khalidwe limene analionetsa kale koyambirira. Ngakhale pamene akugogoda pa nyumba yaikulu ya gulu la X-Men n'kupezamo anthu awiri okha, Colossus ndi mtsikana uja, akutembenukira kwa ife n'kudabwa ngati kampani inalephera kulipira wachitatu. Ndi ngwazi yokhayi imene ingasandutse umphawi wa filimu yake kukhala katundu wogulitsa.

Anajambula ku Vancouver m'dziko la Canada mu 2015, pa madola 58 miliyoni. Kumapeto kwa sabata yoyamba yokha, ku America ndi Canada inalowetsa madola 132 miliyoni. Padziko lonse inadutsa madola 780 miliyoni, n'kuposa The Matrix Reloaded ya 2003 imene inali patsogolo pa mafilimu onse a akuluakulu okhaokha. Zonsezi popanda China, kumene inakanizidwa kuonetsedwa. Yerekezani ndi X-Men: Apocalypse, ya kampani yomweyo, chaka chomwecho, yololedwa kwa achinyamata, yodzaza ndi ngwazi: inadya madola pafupifupi 178 miliyoni n'kulowetsa pafupifupi 544 miliyoni. Mwana amene anamanidwa ndiye anadyetsa banja. Bungwe la olemba mafilimu la Writers Guild of America linaikanso seweroli pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya chakacho, chinthu chosachitikachitika kwa filimu ya munthu wovala chigoba.

Komabe tisanamizane kuti pepala lokha ndilo linagulitsa matikiti. Dzina la Marvel linali kale ndi otsatira ake. Reynolds ndi mmene amalankhulira zinakwanirana ndi munthuyu moti n'kovuta kulekanitsa cholembedwa ndi chimene chinatulukira pojambula, ndipo iye mwini analipira olembawo kuchokera m'thumba mwake kuti azikhala pamalo ojambulira. Otsatsa nawo anagwira ntchito: poti filimu inkatuluka sabata ya Valentine, anaimika zikwangwani zoionetsa ngati nkhani yachikondi yofatsa. Chachikulu koposa ndi nthawi. Kuti museke mwambo, oonera ayenera kuudziwa mwambowo mpaka kutopa nawo. Mu 1999 kunatuluka Mystery Men, filimu yoseka ngwazi, yokhala ndi Ben Stiller ndi anzake aluso. Inadya madola pafupifupi 68 miliyoni n'kubweza osakwana theka lake, pafupifupi 33 miliyoni basi. Inkaseka chinthu chimene anthu ambiri anali asanachikhute. Pofika 2016, patatha zaka zisanu ndi zitatu chitulukire Iron Man, woonera aliyense ankadziwa mmene ngwazi imatera pansi ndi bondo limodzi, mmene imalankhulira, ndi kuti pamapeto pa mayina pamabwera kachigawo kena. Zaka zimene sewero linagona m'kabati zinalipindulira.

Filimu itangogunda, James Gunn, amene anapanga Guardians of the Galaxy, analemba pa Facebook kuchenjeza kuti makampani atengapo phunziro lolakwika, ayamba kutengera kutukwana ndi kulankhula ndi oonera m'malo motengera kulimba mtima kopanga chinthu chakechake. Ine chitsanzo chimene chimandiphunzitsa kwambiri ndi Thor: Love and Thunder ya 2022. Nayonso ndi filimu ya ngwazi yanthabwala, nayonso ili ndi munthu wodwala khansa, Jane Foster, amene anasewera Natalie Portman. Ndalama inapanga, madola oposa 750 miliyoni, koma oonera ambiri anatuluka osakhutira, ndipo chifukwa chake chimaoneka mukaika masewero awiriwa pamodzi. Kwa Thor, chisoni chikangoyamba kumera, nthabwala imathamangira kudzachipondereza, ngati olemba akuopa kuti tingamve kuwawa. Kwa Deadpool nthabwala ikutuluka m'kamwa mwa wodwalayo, chifukwa cha kuwawako, ndipo ikamuthera, sewero limalola kuti kukhale chete. Matenda ndi amodzi, koma kwina woseka ndi wolemba, kwina woseka ndi wodwala.

Zotsatira zake zinapitiriza kukolola. Deadpool 2 ya 2018 inalowetsa ndalama zofanana ndi yoyamba, ndipo Deadpool & Wolverine ya 2024, itapangidwa Disney atagula kale Fox mu 2019, inadutsa madola 1.3 biliyoni. Koma taonani kumene kunapita Vanessa. M'filimu yachiwiri akuphedwa koyambirira kwenikweni kuti mwamuna apeze chomulirira, n'kudzabwezedwa kumapeto ndi makina obwerera m'mbuyo m'nthawi. M'yachitatu asiyana, ndipo akuoneka mphindi zowerengeka, malo ake atatengedwa ndi nthabwala za makampani ogulana ndi nkhope za osewera akale zimene zimasangalatsa amene anaonera mafilimu onse a m'mbuyo. Matikiti anagulidwa, palibe angatsutse. Ine pa atatuwa ndimabwererabe ku loyamba lija, lotsika mtengo, ndipo ndikadali kudikira wolemba amene adzamupatse mkazi ameneyu gawo lomaliza lolingana ndi mmene anamuyambira m'bala muja.